Mabuku a Zinsinsi ndi Chinyengo: Tiwaletse Kapena Tiwerenge Nawo Ana Athu?



Teremu ino makolo angapo adafika ku komiti ya mzikiti ndi dandaulo limodzi. Akuti pali buku la Chingerezi lomwe likuyenda m'zikwama za ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo m'kati mwake muli mowa, chigololo, mabodza a m'banja ndi kuphana. Pempho lawo ndi loti sukulu iletse bukuli pamodzi ndi ena onse a mtundu wake, ndipo wopezeka nalo alangidwe. Komiti idzakambirana nkhaniyi pa msonkhano wake ukubwerawu, choncho ife amene timaphunzitsa maphunziro a Chisilamu taona kuti ndi bwino tinene maganizo athu nthawi ikadalipo. Ife tikuti kuletsa sikuthandiza. Tikutinso kuwasiya ana kuti azimeza okha mabukuwa ndi kuthawa udindo. Chofunika ndi kuwerenga nawo.

Buku lomwe labweretsa mkanganoli ndi The Girl on the Train, lomwe lidatuluka mu 2015. Mlembi wake, Paula Hawkins, adabadwira ku Harare mu 1972 ndipo adasamukira ku London ali mtsikana. Makope oposa 20 miliyoni adagulidwa padziko lonse, ndipo mu 2016 adalijambula kukhala kanema. Ndi limodzi mwa nthano zazitali zomwe kukoma kwake kumakhala pa zomwe zikuchitika m'mutu mwa munthu: akunama ndani, akubisa chiyani, nanga amene akutifotokozera nkhaniyu tingamukhulupirire? M'nthano zoterezi mdani sachokera kutali. Amadya nawe mbale imodzi.

Ophunzira amene simunamalize mutikhululukire, tiulula mathero ake, chifukwa makolo sangaweruze buku lomwe sakudziwa kumene likuthera. Rachel ndi mayi amene banja lake lidatha, ndipo mowa udamumanga. Ntchito idamuthera, koma m'mawa uliwonse amakwerabe sitima kupita ku London kuti mnzake amene akumusunga asadziwe. Sitimayo imaima pafupi ndi nyumba yomwe ankakhala ndi mwamuna wake wakale, Tom, amene tsopano ali ndi mkazi wina, Anna. Chapafupi pomwepo pali banja lina lomwe Rachel amalisirira ali pawindo, poganiza kuti kumeneko ndiye kuli chikondi chenicheni. Tsiku lina mkazi wa m'banja limenelo, Megan, adasowa, kenako adapezeka atafa. Usiku womwe adasowawo Rachel adali m'deralo ataledzera ndipo sankakumbuka chomwe adaona. Kumapeto kumadziwika kuti wakupha ndi Tom, amene ankayenda ndi Megan mobisa. Koma choopsa koposa m'bukumo ndi china. Pa zaka za banja lawo, Rachel akadzuka osakumbuka za dzulo, Tom ankamuuza kuti adachita chiwawa ndi kumuchititsa manyazi pagulu, pamene zambiri mwa izo zidali zabodza ndipo wachiwawayo adali Tom yemweyo. Rachel adakhulupirira mpaka adayamba kudzida.

Makolo odandaulawa ali ndi mfundo. M'bukumo muli mawu otukwana ndi masamba ena omwe mwana wa Fomu 1 sayenera kuwaona. Moyo wa anthu ake uli kutali ndi malire a halal ndi haram. Komanso buku lotere likagwira munthu silimusiya, ndipo wophunzira amene akudikira mayeso a MSCE akhoza kutaya usiku womwe akadawerengera Biology. Zonsezi tikuvomereza.

Koma tafunsani wophunzira aliyense kumene adalipeza. Mabuku ngati amenewa amagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni pamodzi ndi mabuku akale a sukulu, ndipo ambiri amangotumizirana pa WhatsApp. Tikalanda la pepala, la pa foni litsala. Nkhani zomwezi za mwamuna wobisa mkazi ndi mkazi wobisa mwana zikuonetsedwa tsiku ndi tsiku m'nyumba za mavidiyo ku Mgona ndi ku Chinsapo, m'makanema omasuliridwa m'Chichewa, ndiponso pa Zee World yomwe amayi ambiri amaonera limodzi ndi ana awo madzulo. Lamulo loletsa lingochititsa kuti ana aziwerenga atafunda bulangete, ndipo tikhala tawaphunzitsa tokha luso la kubisa lomwe tikuliopali. Tisaiwalenso kuti makolo ambiri adakula ndi Sikusinja ndi Gwenembe, buku la J.W. Gwengwe, momwe munthu amapha mbale wake chifukwa cha nsanje ya chuma nayesa kubisa, koma mbalame imamulondola ndi nyimbo mpaka chinsinsi chiululika. Amene adaliwerenga sadatuluke m'kalasi n'kukapha abale awo. Adatuluka akuopa nsanje.

Qur'an yolemekezeka nayonso sibisa kuti chinyengo chimayambira m'nyumba. Surah Yusuf, ya nambala 12, yokhala ndi ndime 111, Allah adaitcha yabwino koposa mwa nkhani zonse, ndipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza ikunena za zinsinsi pakati pa anthu okhala pamodzi. Abale apangana zotaya mng'ono wawo m'chitsime, nabwera kwa bambo awo usiku akulira, atanyamula malaya opakidwa magazi abodza. Mkazi wa nduna ya ku Iguputo atseka zitseko, ndipo zitamukanika anamizira Yusuf pamaso pa mwamuna wake. Munthu wosalakwa akhala zaka m'ndende. Taonani m'mene surayi ikutiphunzitsira kufufuza. Akatswiri a tafsir amanena kuti Yaqub adakayikira nkhani ya anawo chifukwa malayawo adali ndi magazi koma osang'ambika, pamene chilombo sichingadye munthu n'kusiya malaya ali bwinobwino. Pa mlandu wa mkazi wa nduna, mboni ya m'banja momwemo idati ayang'ane ngati malaya ang'ambika kutsogolo kapena kumbuyo. Apa tikuona kuti kutchula choipa pakokha si tchimo. Chofunika ndi m'mene chikutchulidwira ndi kumene chikumutengera wowerenga. Qur'an idafotokoza chiyeso cha Yusuf m'mawu ochepa ndi aulemu, osakometsera tchimo, ndipo umenewu ndiwo muyeso womwe ana athu ayenera kuyesera buku lina lililonse.

Pali ena amene amati nthano yopeka ndi bodza basi, choncho Msilamu asayandikire. Timalemekeza ma ulama amene amakhwimitsa pa nkhaniyi, koma ife tili ndi ena ambiri amene amati bodza ndi kumuuza munthu chonama ndi cholinga choti akhulupirire kuti ndi choona. Wolemba nthano ndi wowerenga onse akudziwa kuti Rachel sadakhaleko. Asilamu akale sankaopa nthano. M'zaka za m'ma 700 Ibn al-Muqaffa adamasulira m'Chiarabu buku la Kalila wa Dimna, momwe nkhandwe imadanitsa mkango ndi ng'ombe yamphongo pouza aliyense bodza la mnzake. Mu Sahih Bukhari ndi Sahih Muslim muli hadith ya Umm Zar', momwe mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, adasimba za akazi khumi ndi mmodzi amene adapangana kufotokoza za amuna awo osabisa kanthu. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adamvetsera nkhani yonseyo mpaka kumapeto.

Tsono m'buku la Hawkins muli phunziro lanji? Mchitidwe wa Tom uli ndi dzina m'Chingerezi, lochokera ku sewero la Gas Light la mu 1938, momwe mwamuna ankachititsa mkazi wake kukhulupirira kuti wayamba misala. Ife tilibe liwu limodzi lotchulira zimenezi, koma mchitidwewo timaudziwa bwino ku Kawale ndi ku Biwi. Mayi aona ndi maso ake mauthenga a mkazi wina pa foni, ndipo ayankhidwa kuti akulota. Afunsa za ndalama ya banki m'khonde yomwe idasowa m'chikwama, ndipo auzidwa kuti adaiwala yekha pomwe adaika. Akalimbikira, pena amamva kuti ali ndi majini, atengeredwe kwa shehe akawerengeredwe. Mashehe athu olemekezeka, mayi wotere akabwera, yambani mwamumvetsera payekha musanatsegule buku. Pena jini lomwe likumusautsa ndi bodza la amene wabwera nayeyo. Mtsikana amene wawerenga za Rachel, nakambirana ndi mphunzitsi wake, adzazindikira msanga msampha umenewu. Adzaonanso kuti khomo lomwe Tom adalowera lidali mowa, womwe udamulanda Rachel chikumbumtima, monga momwe Surah Al-Ma'idah, ndime 90 ndi 91, ikuchenjezera kuti mowa ndi chida cha Satana chodanitsira anthu.

Phunziro lalikulu lomwe tikufuna ana atengepo ndi kusiyanitsa zinsinsi, chifukwa m'madera mwathu timazisakaniza zonse pansi pa mawu akuti za m'nyumba saulula. Pali chinsinsi chomwe ndi amanah. Yaqub yemwe uja adauza Yusuf kuti asasimbe loto lake kwa abale ake. Mtumiki adatchula mwamuna wofalitsa za kuchipinda za mkazi wake kuti ali m'gulu la anthu oipitsitsa pa Tsiku la Chiweruzo, ndipo adalonjeza kuti wobisa cholakwa cha Msilamu mnzake, Allah adzamubisira zake. Tchimo lomwe munthu adalapa, umphawi wa mnzako wa m'kalasi, matenda omwe wakuuza mokukhulupirira, zimenezi zimafera mumtima.

Koma pali chinsinsi china chomwe ntchito yake ndi kulanda ufulu wa wina. Chimenechi dzina lake ndi chinyengo. Mtumiki adapisa dzanja m'mulu wa chakudya pamsika napeza chonyowa chitabisidwa pansi, ndipo adanena kuti wonyenga sali m'gulu lake. Ngati zili choncho pa malonda, kuli bwanji pa banja? Kubisa ngongole ya katapila yomwe idzagwere banja lonse, kubisa matenda opatsirana kwa amene ukufuna kumanga naye nikah, kugulitsa puloti mkazi ndi ana osadziwa, zonsezi ndi chakudya chonyowa pansi pa mulu. Ndipo tiyeni tinene chomwe ambiri timachinong'ona: nikah yachiwiri yomangidwa mobisa, kuno kapena ku Joni. Tikudziwa kuti ma ulama ambiri saika chilolezo cha mkazi woyamba ngati nsanamira ya nikah. Koma Surah An-Nisa, ndime 3, idamanga mitala pa chilungamo, ndipo chilungamo cha masiku ogona ndi ndalama ya ndiwo sichingachitike mumdima popanda bodza la tsiku ndi tsiku. Mu Muwatta ya Imam Malik muli nkhani yoti Umar adakana nikah yomwe mboni zake zidali zosakwanira, naitcha nikah yachinsinsi. Mlembi wachisilamu wa ku Senegal, Mariama Bâ, adalemba za bala limeneli mu So Long a Letter, buku lomwe lidapata mphotho ya Noma mu 1980. Ramatoulaye, mphunzitsi ndi mayi wa ana 12, adauzidwa ndi imamu ndi alamu ake tsiku la ukwati lenilenilo kuti mwamuna wake wakwatira mnzake wa mwana wawo wamkazi. Kwathu kuno zotere zimaululika pa maliro, mayi wachilendo akatulukira ndi ana, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu lomwe Qur'an idapatsa mkazi wamasiye wa munthu wosiya ana liyenera kugawidwa pawiri. Womwalirayo wapita. Amene atsala akudana ndi ana ake omwe.

Chinsinsi chachitatu ndi chomwe chimabisa nkhanza, ndipo chimenechi kuchisunga ndi kuthandiza wochimwa. Ophunzira, mverani bwino. Munthu wamkulu aliyense, kaya ndi wachibale, mphunzitsi, wa kabaza kapena wolemekezeka wa pamzikiti, akakupatsani ndalama kapena foni n'kunena kuti ndi chinsinsi cha inu awiri, akakugwirani mosayenera n'kukuopsezani kuti palibe adzakukhulupirireni, kumuulula si miseche. Imam Nawawi, mu Riyad as-Salihin, adatchula zifukwa zisanu ndi chimodzi zololeza kunena choipa cha munthu iye palibe, ndipo mwa izo muli kudandaula kwa wochitiridwa nkhanza ndi kuchenjeza ena. Hind bint Utba adakadandaula kwa Mtumiki za umbombo wa mwamuna wake Abu Sufyan, ndipo sadadzudzulidwe. Fatima bint Qays atafunsa za amuna awiri omufunsira, Mtumiki adamuuza mosabisa kuti mmodzi ndi wosauka ndipo winayo satula ndodo, namulangiza kuti akwatiwe ndi Usama ibn Zayd. Ankhoswe amene amabisa kuti mnyamata wawo amamenya akazi aganizirepo pa hadith imeneyi. Malamulo a dziko lino nawonso ali nanu: lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, lamulo la maukwati la mu 2015 lomwe lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Komabe mabuku amenewa ali ndi poizoni wake, ndipo ndicho chifukwa tikukana kuti ana aziwerenga okha. Munthu amene wamwa nthano zotere zisanu motsatizana amayamba kuona Tom mwa mwamuna aliyense ndi Megan mwa mkazi aliyense. Amayamba kusecha foni za ena ndi kutanthauzira kumwetulira kulikonse. Rachel yemweyo adagwa m'dzenje limeneli. Adaona kachidutswa ka moyo wa anthu pawindo la sitima, nadzaza mipata yotsalayo ndi maganizo ake, adanama kuti adali mnzake wa Megan kuti alowe m'nyumba ya namfedwa, ndipo adachititsa kuti anthu osalakwa akayikiridwe. Surah Al-Hujurat, ndime 12, idaletsa zinthu zitatu motsatizana: kuganizira ena zoipa, ukazitape ndi miseche, chifukwa choyamba chimabala chachiwiri, chachiwiri chimabala chachitatu. Ndime 6 ya surah yomweyo ikulamula kufufuza nkhani tisanavulaze anthu mosadziwa. Mzinda wa Madina udalawa ululu wa zimenezi pamene Aisha adatsalira paulendo akufunafuna mkanda wake, nabwera naye Safwan ibn al-Mu'attal, ndipo achiphamaso adafalitsa bodza lomwe lidasautsa nyumba ya Mtumiki pafupifupi mwezi wathunthu mpaka Surah An-Nur idamuyeretsa. Zaynab bint Jahsh, mkazi mnzake amene ankapikisana naye, atafunsidwa adakana kunena choipa chomwe sadachione. Lero bodza lotere silidikira mwezi. Chithunzi chimodzi choponyedwa pa gulu la WhatsApp la kalasi chimafika ku Area 25 swala ya Maghrib isanakwane, ndipo lamulo la za intaneti la mu 2016 likhoza kumugwira wotumizayo ngakhale ali pa yunifolomu.

Mathero a mabuku awiriwa ndi oyeneranso kuwaika pambali ndi pambali. Buku la Hawkins limatha Tom ataphedwa ndi akazi awiri amene adawanyenga, ndipo iwo atsala atamangidwa ndi chinsinsi chatsopano cha zomwe adauza apolisi. Choona chatuluka, koma palibe amene walapa. Surah Yusuf imatha mkazi wa nduna atavomera poyera, abale atavomera kulakwa kwawo, ndipo Yusuf, ali ndi mphamvu zonse zobwezera, awakhululukira. Malaya omwe adabweretsa chisoni poyamba asanduka malaya obwezeretsa maso a Yaqub. Wophunzira amene wawerenga zonse ziwiri adziwa yekha chomwe chikusowa m'buku la ku London, ndipo phunziro lodzipezera wekha silichoka msanga.

Pempho lathu ku komiti ndi ili. M'laibulale mukhale shelefu ya Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo buku lililonse lisanaikidwepo liwerengedwe ndi aphunzitsi awiri ndi kholo limodzi. Lomwe cholinga chake ndi kudzutsa chilakolako basi likanidwe, ndipo chifukwa chake chinenedwe. Kamodzi pa mwezi tikhale ndi bwalo lokambirana buku limodzi, anyamata paokha, atsikana paokha, Qur'an ili patebulo. Tisankhe mphunzitsi wamkazi mmodzi ndi wamwamuna mmodzi amene mwana aliyense akudziwa kuti akhoza kuwauza chomwe chikumusautsa. Ku mzikiti, nikah iliyonse ilembedwe m'kaundula, ndipo shehe afunse pamaso pa mboni ngati mwamunayo ali ndi mkazi wina komanso ngati mkaziyo akudziwa.

Makolo, mukapeza buku m'chikwama cha mwana, mufunseni kuti akusimbireni nkhani yake musanalilande. M'kusimbako mudzamva zomwe zili mumtima mwake, ndipo mwina adzapeza mpata wonena chomwe wakhala akuopa. Ophunzira, buku lililonse mulifunse kuti amene akubisayu akuteteza ulemu wa wina kapena akumubera ufulu wake, ndiponso kuti mukalitseka mwatsala mukudana ndi tchimolo kapena mukulisirira. Kenako lembani zanu. Kawale, Area 23 ndi Chinsapo muli nkhani zokwana mabuku ambiri, ndipo sitiyenera kudikira wa ku London kuti atiuze m'mene bodza limagwetsera banja. Nthano yaifupi yabwino ya m'Chichewa kapena m'Chiyao tidzaipempherera malo m'kalata yathu ino teremu ikubwerayi, Insha Allah.

Allah atipatse malilime oona ndi mitima yosunga amanah, abise zofooka zathu, ndipo awapatse mphamvu yolankhula onse amene akuvutika mwakachetechete m'nyumba zathu. Allah ndiye Wodziwa koposa.